Phunziro 14: Dzanja Likamanjenjemera

Ku Tsangano timalima mbatata ndi tirigu. Ku Macanga timalima fodya ndi chimanga. Manja athu ndi olimba. Koma tikagwira pensulo, dzanja limanjenjemera. Chifukwa chiyani?

Minofu ya mkono imagwira ntchito iwiriiwiri. Wina umapinda mkono, wina umauwongola. Ubongo umailamula kudzera m'mitsempha. Minofuyi imakoka modukizadukiza. Motero dzanja la munthu aliyense limanjenjemera pang'ono, ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi. Awa si matenda. Kutopa, njala, mantha ndi chisanu cha mu Juni zimawonjezera kunjenjemerako.

Mkono uli ngati mpini wa khasu. Ukagwedezeka pang'ono kuphewa, kunsonga umagwedezeka kwambiri. Choncho polemba titsamiritse chigongono patebulo kapena pabondo. Tisafinye pensulo. Tisachite manyazi.

Koma dzanja likamanjenjemera lili phee pamwendo, mwina ndi matenda a Parkinson. Dokotala James Parkinson anawafotokoza mu 1817. Si ufiti. Wodwalayo tipite naye kuchipatala, ku Furancungo kapena ku Tsangano.

Tiyankhe:
1. N'chiyani chimawonjezera kunjenjemera?
2. Polemba, chigongono tichiike pati?

Tilembe: dzanja, mkono, pensulo.