Kudziwa Mitengo Yofanana Tisanabzale

Gawo 1

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, ndipo magulu athu ophunzira a ku Mitundu ndi ku Nathenje asankhanso kubzala mitengo ngati ntchito yotumikira midzi yathu. Tisananyamule makasu, tiyeni tikumbuke zimene zinachitikira gulu lina mwa ife zaka zinayi zapitazo. Tinapita kumunda wa agogo ena amasiye ndi mbande zimene tinkati ndi msangu, n'kubzala pakati pa mizere ya chimanga. Mitengo ija itakula, ambiri mwa iyo inali mthethe. Mwezi wa Febuluwale unapeza mthunzi uli bii pamwamba pa chimanga cha agogo, ndipo tinabwererako ndi zikwanje kukadula zimene tinabzala tokha.

Mtima wotumikira tinali nawo, koma sitinayang'anitsitse. Timaphunzira kuti munthu aliyense azifufuza choonadi ndi maso ake, osangodalira zimene wamva. Phunziro limeneli limagwiranso ntchito pa nazale.

Gawo 2: Msangu ndi mthethe

Mitengo iwiriyi ndi ya m'banja la nyemba. Yonse ili ndi minga ndi timasamba ting'onoting'ono, choncho ikakhala m'machubu imasokoneza. Msangu, umene asayansi amautcha Faidherbia albida, uli ndi minga yowongoka, yotuwa, yomera iwiriiwiri pamene tsamba latulukira. Nthambi zake zanthete ndi zotuwira ndipo zimakula mokhotakhota. Mthethe nawo uli ndi minga iwiriiwiri, koma yopindika ngati mbedza. Ikakola malaya, sitichoka msanga. Tsamba la mthethe ndi lalitali, la timagawo tambirimbiri ngati nthenga ya nkhuku, pamene la msangu ndi lalifupi, lobiriwira motuwa.

Zitheba nazo zimatiuza zoona. Za msangu ndi zonenepa, zopotana, zofiirira ngati lalanje, ndipo zimagwa pansi osasweka. Mbuzi ndi ng'ombe zimazilimbirana m'chilimwe. Za mthethe ndi zaphanthiphanthi, zowongoka, zopyapyala, ndipo zikauma zimasweka zokha.

Kusiyana kwakukulu kuli pa nyengo. Msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphukanso mvula ikamatha. Chimanga chimalandira dzuwa lokwanira, masamba ogwa aja n'kuwolerana m'nthaka. Mthethe umakhala ndi masamba nthawi ya dzinja, nthawi yomwe chimanga chikufuna dzuwa. Mthethe si mtengo woipa ayi: umabwezeretsa chonde, umapereka nkhuni, umachita bwino m'mbali mwa madambo ndi m'malire a munda. Malo ake ndi amenewo. Msangu ndiye wa pakati pa munda, ndipo alangizi amalimbikitsa kuubzala motalikirana mamita 10 mbali zonse.

Mafunso:
1. Minga ya msangu ndi ______, pamene ya mthethe ndi ______.
2. N'chifukwa chiyani chimanga chimachita bwino pansi pa msangu?

Gawo 3: Keshya wa milimo ndi keshya wa maluwa

Panjira ya ku Bunda ndi m'masukulu ambiri timaona keshya wa maluwa achikasu, ndipo ambiri timangoti keshya ndi keshya. Koma ali awiri. Keshya wa milimo, Senna siamea, anachokera ku Asia, chakumwera cha kummawa. Timasamba take ndi tolimba, tonyezimira, tobulungira kunsonga, ndipo zitheba zake ndi zazitali, zaphanthiphanthi. Sayoyola masamba onse m'chilimwe, ndipo amapereka milimo yabwino ya nyumba ndi zigafa. Koma osunga nkhumba achenjere: masamba ndi zitheba zake zimapha nkhumba zikadya.

Keshya wa maluwa, Senna spectabilis, anachokera ku America. Timasamba take ndi tosongoka, tofewa, tokhala ndi ubweya pang'ono kunsi kwake. Tikapititsa chala timaumva. Zitheba zake ndi zobulungira ngati pensulo, zakuda zikauma. M'chilimwe amayoyola masamba, ndipo nthambi zake zimayala m'mbali.

Ngakhale onsewa ali a m'banja la nyemba, mizu yawo ilibe timatuza timene timaona pa mizu ya soya kapena mtedza, choncho sathira nayitirojeni m'nthaka monga amachitira msangu ndi mthethe. Tiwabzale pakhomo, m'malire, kapena m'nkhalango ya mudzi, kuti nkhuni ndi milimo zizipezeka pafupi ndipo mitengo yachilengedwe ya ku Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, ipumeko ku nkhwangwa.

Mafunso:
3. Titapatsidwa tsamba limodzi lokha la keshya, tingadziwe bwanji mtundu wake?
4. Ndi keshya uti amene sitiyenera kubzala pafupi ndi khola la nkhumba?

Gawo 4: Zoti tichite sabata ino

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chizindikiro chimodzi chokha chikhoza kutinamiza, choncho tiyang'ane zinayi: munga, tsamba, chitheba, ndi nyengo imene mtengowo umayoyola masamba. Tigawane awiriawiri. Awiri aliwonse abweretse kanthambi ndi chitheba cha mitengo inayi imeneyi pa mkumano wotsatira, ndipo tidzaziyala pamphasa n'kuzitchula mmodzimmodzi. Titenge achisodzera a m'magulu athu, maso awo ndi akuthwa. Tifunsenso agogo a m'mudzi mwathu, pakuti safunsa anadya phula. Iwo amadziwa msangu uliwonse wa m'minda yakale, ndipo akhoza kutilozera mtengo wabwino wotolapo mbewu.

Mbewu iliyonse tiisunge m'chitini chake, dzina litalembedwa, ndipo pa nazale mzere uliwonse ukhale ndi chikwangwani. Tisanapite kumunda wa munthu, tikhale naye pansi n'kukambirana: akufuna chonde, nkhuni, milimo, kapena chakudya cha mbuzi? Yankho lake ndilo litiuze mbande yoti tinyamule.

Zokambirana pomaliza: Agogo aja anatilola kubweranso chaka chino ndi msangu weniweni. Ndani mwa ife akayang'ane minga ya mbande iliyonse tisanaikweze pa njinga?