Mkodzo Ukamawotcha Mukakhala Malo Amodzi: Uphungu kwa Mabanja

Amayi ndi abambo a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, nkhani iyi ambiri amaiuza mlangizi monong'ona, sikelo ya ana ikatha, anzawo atabalalika. Amati, "Tinakhala malo amodzi ndi abambo akunyumba dzana, lero ndikamakodza kukuwotcha. Kodi andipatsira matenda?" Musanakwiye kapena kusumira ankhoswe, dziwani kuti pali matenda angapo amene amayamba mofanana, koma magwero ake ndi mankhwala ake n'zosiyana.

Likakhala vuto la chikhodzodzo

Njira ya mkodzo ya mayi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pamene ya bambo imafika cha m'ma 20. Ya mayiyo ilinso moyandikana ndi kotulukira chimbudzi. Pogonana, tizilombo ta m'matumbo totchedwa E. coli timakankhidwira m'njirayo n'kufika m'chikhodzodzo. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, mayi amamva kuwotcha, amafuna kukodza pafupipafupi koma amangotulutsa timadontho, ndipo mkodzo umatha kukhala wa mbuu, wonunkha. Amenewa si matenda opatsirana pogonana. Amagwira ngakhale mayi wa m'banja lokhulupirika, makamaka amene angolowa kumene m'banja.

Moyo wathu wa m'tauni muno umawonjezera vutoli. Madzi ndi ogula pa kiyosiki, choncho mayi amayamba waganizira zophikira ndi zochapira, akumwa n'kukhala otsalira. Wogulitsa tomato pamsika amasunga mkodzo tsiku lonse poopa kusiya malonda. Usiku chimbudzi chili panja, cha mabanja asanu, mumdima, ndiye amangopirira mpaka kuche. Mkodzo wokhalitsa ndiwo umapatsa tizilombo mpata woswana. Chonde sungani kachidebe kovundikira kuchipinda, mukodze mukangomaliza kukhala malo amodzi, ndipo muzimwa madzi mpaka mkodzo uziyera. Podzipukuta, yambirani kutsogolo kupita kumbuyo. Sopo, mandimu kapena zitsamba zoumitsa kumaliseche musalowetse m'kati, chifukwa zimapha tizilombo tabwino toteteza thupi ndipo zimasiya timabala.

Ululu ukakwera m'chinena

Apa mpamene ine ndimada nkhawa kwambiri. Chinzonono ndi matenda ena otchedwa chlamydia amatha kukhala mwa mayi mwakachetechete, kenako n'kukwera kuchoka pakhomo la chiberekero mpaka m'machubu odutsa mazira. Mayi amamva kupweteka m'chinena, kupweteka m'kati pogonana, amatuluka chikazi chachikasu kapena chonunkha, nthawi zina magazi pamene sali kumwezi. Ena amangoti ndi mauka n'kupirira. Pamene akupirirapo, machubu akutupa ndi kuchita zipsera. Mawa lake ndi uja timamva akunenedwa kuti wosabereka, kapena watenga mimba yomera mu chubu, imene ikaphulika imatha kupha tsiku lomwelo.

Abambo, inunso mukaona mafinya kapena kuwotcha pokodza, musabise. Ndipo kusaona chizindikiro sikutanthauza kuti mulibe matendawa.

Za makapusozi a pa okala

Ndaonapo mayi akumasula kansalu, m'katimo muli makapusozi anayi amitundu iwiri, ogula pa okala, opanda dzina. Anamwa awiri, ululu unachepa, enawo anasungira tsiku lina. Patatha masabata atatu anabwera atagwira m'mimba, akulephera kuwongoka. Mankhwala osakwanira amangogonetsa tizilombo, tikadzuka timatha kukhala tosamvanso mankhwala. Komanso mankhwala a chikhodzodzo sachiza chinzonono, ndipo ena monga doxycycline saloledwa kwa mayi woyembekezera.

Tengani buku lanu la kuchipatala mupite kuchipatala cha ku Kawale, ku Area 25, ku Area 18, kapena ku Bwaila komwe kuli kiliniki ya matenda opatsirana pogonana. M'zipatala za boma chithandizochi n'chaulere. A ku Chinsapo ali pafupinso ndi chipatala cha mishoni cha Likuni, ngakhale kumeneko n'kolipira. Kwa adokotala fotokozani zonse: tsiku limene vuto linayamba, tsiku lomaliza kusamba, ngati muli ndi lupu, ndi mankhwala amene mwamwa kale. Manyazi asiyeni pakhomo, iwo amamva zimenezi tsiku lililonse. Vomerani kuyezetsa HIV ndi chindoko pomwepo.

Matenda a m'chinena amafuna jakisoni ndi mapiritsi omwa masiku ambiri, kawirikawiri 14. Malizani onse ngakhale mutapeza bwino tsiku lachitatu. Mukapatsidwa Flagyl, mowa ayi. Mukapatsidwa kakalata koitanira mnzanu, kaperekeni mwaulemu, nthawi imene nonse mwakhala pansi mitima ili m'malo, ndipo ngati mukuopa nkhanza uzani namwino kapena mlangizi akuthandizeni. Mmodzi akachira winayo osalandira mankhwala, matenda amatha kubwerera usiku woyamba womwe. Dikirani mpaka nonse mutamaliza mankhwala, zikavuta gwiritsani ntchito kondomu.

Palinso zizindikiro za matenda ena: magazi otuluka kumapeto kokodza, makamaka kwa amene amachapa mumtsinje wa Lilongwe kapena Lingadzi, angakhale likodzo. Magazi otuluka mukangogonana ndi chifukwa chokayezetsa khansa ya khomo la chiberekero.

Zosadikira kuti kuche

Thupi likatentha kwambiri ndi kunjenjemera, msana ukamapweteka m'mbali cha ku impso, mukamasanza osatha kumeza mankhwala, kapena ululu wa m'mimba ukakula mutadumphitsa kusamba, pezani galimoto kapena kabaza nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mayi woyembekezera, amene wangobereka kumene, ndi amene wapita padera, akaona zizindikiro tatchulazi asadikire. Ngati mwamwa mankhwala masiku atatu osasintha, bwererani.

Amene wagwiriridwa, kaya ndi mwana kaya wamkulu, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndi ku mimba. Asayembekezere kuti zizindikiro ziyambe zaoneka.