Ulendo Wapansi ku Nkhoma

Munthu wokwera basi amaona dziko mothamanga. Mitengo, midzi ndi mapiri zimangodutsa pazenera ngati zikuthaŵa, ndipo pofika kumene akupita sangathe kunena ngati mtengo uja unali msuku kapena mombo. Woyenda pansi ndiye amalidziŵa dziko, pakuti amaima pamene wafuna, nafunsa chimene sakuchidziŵa. Komabe basi ili ndi ntchito yake. Imatitula pamalo pamene miyendo yathu ingayambire ulendo. Malo amodzi otere ndi ku Nkhoma, m'boma la Lilongwe.

Kuchokera mumzinda wa Lilongwe kukafika ku Nkhoma pali mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Basi imatsata mseu waukulu wopita ku Dedza, ndipo ikafika pa Kamphata imapatukira kumanzere. Kuyambira pamenepo phiri la Nkhoma limaoneka bwino kutsogolo, lili njo! pakati pa minda. Wotsika basi amapeza msika, chipatala, sukulu ndi tchalitchi chachikulu cha njerwa. Kuseri kwa nyumba zimenezi kumayambira tinjira tambirimbiri topita kumidzi, kumadimba ndi kuphiri.

Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti. Nthaŵi imeneyi mvula imakhala itatha, matope atauma, ndipo dzuŵa silitentha kwambiri. Woyenda alaŵire m'mamaŵa, atenge madzi akumwa ndi kamba pang'ono monga mbatata yootcha kapena mtedza. Ana asapite okha. Pakhale wamkulu mmodzi wodziŵa njira.

Njira ya kumudzi si mseu wa m'tauni. Kaŵirikaŵiri imadutsa pabwalo pa munthu, pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi. Tsono mlendo waulemu sangodutsa ngati mphepo. Amati, “Zikomo, tidutse nawo,” ndipo akapeza achikulire ali pamphasa amanjuta, naomba m'manja, nati, “Mwadzuka bwanji, agogo?” Moni wotere sachedwetsa ulendo. Amene mwampatsa moniyo ndi yemwe angakuuzeni kuti mlatho wa mitengo wa kutsogoloko unathyoka, kapena kuti njira ya kumanja ili ndi chitedze, chomera chija choyabwa koopsa.

Potuluka m'mudzi njira imatsetserekera kudambo. Ngakhale m'chilimwe kudambo kumakhala kobiriŵira, chifukwa madzi ali pafupi pansi pa nthaka. Eni madimba amakumba zitsime zosazama, nathirira mpiru, kabichi, matimati, anyezi ndi chimanga chachiŵisi. Zambiri mwa ndiwo zimene zimagulitsidwa m'misika ya m'tauni zimachokera m'madimba onga ameneŵa. Apa mpofunika kukhala chete pang'ono, paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Wodekha adzaona akakowa oyera akutsata ng'ombe ndi kutola tizilombo timene ng'ombezo zavumbulutsa m'maudzu. Mwina adzaonanso nantchengwa ataima m'mphepete mwa chithaphwi kudikira achule. Chisa cha mbalame imeneyi nchachikulu modabwitsa, ndipo imachimanga ndi timitengo, udzu ndi matope pamphanda ya mtengo.

Pakati pa minda yopanda mitengo mudzaona apo ndi apo kankhalango koŵirira, ka mitengo italiitali. Mthunzi wake ngwokopa kwa munthu wotopa, koma musaloŵemo. Amenewo ndi manda. Pamwambo wa Acheŵa munthu saloŵa kumanda popanda chilolezo cha mfumu, sadulako mtengo, ndiponso satolako nkhuni. Kwina malo ameneŵa ndi dambwe la Gule Wamkulu. Chifukwa cha mwambo umenewu mitengo yachilengedwe imene inatha m'minda idakalipo kumanda. Poiyang'ana muli chapatali mungathe kudziŵa mmene dziko lonseli linkaonekera makolo athu asanalilime.

Njira yokwera phiri imayambira kuseri kwa mishoni. Poyamba imakwera pang'onopang'ono, koma kumtunda imasanduka chikweza chenicheni, mwakuti pena munthu amagwira miyala ndi manja. Chapakati pa phiri pali kanyumba kamene alendo amapumulirako. Ulendo wonse wokafika pamwamba umatenga maola aŵiri kapena atatu, malinga ndi mphamvu za oyendawo. Pamatanthwe pamakhala abuluzi ndi agulo akuothera dzuŵa, ndipo akhungubwe amauluka pansi pa munthu, osati pamwamba pake. Nsonga ya phirili ili pamtunda wa mamita opitirira 1,700 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, nchifukwa chake pamwambapo pamazizira ngakhale masana.

Pokwera chikweza chimenechi, wefuwefu ali m'kamwa, nkovuta kukhulupirira kuti anthu anakhalapo m'phiri limeneli ndi mabanja ao. Komatu zinachitika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunali nkhondo m'dera lino. Angoni ankathira nkhondo midzi ya Acheŵa, ndipo kunalinso magulu a Ayao ogwira anthu ukapolo. Mfumu Mazengera ndi anthu ake anathaŵira kuphiri, kumene mdani sakanatha kufika osaoneka. Taganizani za mayi wosenza mtsuko wa madzi m'njira imeneyi, mwana ali kumsana. Taganizaninso za bambo wotsikira kumunda m'maŵa, khasu paphewa, maso ali uku ndi uku. Phiri linawapulumutsa, koma moyo wake unali woŵaŵa.

M'chaka cha 1896 kunafika amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa. Iwo anali atayamba kale ntchito ku Mvera m'chaka cha 1889. Mazengera anawalandira, ndipo anamanga m'tsinde mwa phiri. Nkhondo zitatha, anthu anatsika nakamanga midzi kuchigwa, pafupi ndi minda ndi madzi. Chipatala cha Nkhoma chinayamba m'chaka cha 1915, ndipo nchotchuka pochiza matenda a maso. Ufumu wa Mazengera ulipobe mpaka lero m'boma la Lilongwe.

Wofika pamwamba amaona zonse zimene wadutsa zili pansi pake ngati mphasa yoyala. Madenga a malata amanyezimira, madambo amaoneka ngati mizere yobiriŵira, ndipo tinkhalango ta manda timakhala ngati madontho akuda. Kukacha bwino, chakumwera kumaoneka mapiri a Chongoni ndi Dedza. Koma pamwamba pomwepo ndi pamene pamaonekeranso zipsera za dziko. Pamene anthu anadula mitengo m'mbali mwa mapiri, madzi a mvula sakhalanso ndi chowagwira. Amathamanga ndi mphamvu, nakokolola nthaka yachonde, nasiya zigwembe zofiira. Minda imene eni ake anaunga mizere yopingasa chitunda ndi kubzala udzu wa vetiva imasiyana ndi inzake ngakhale poiona patali. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi umakwera m'malo ambiri chifukwa cha osaka mbeŵa amene amatentha tchire, ndipo moto wotere umapha timitengo tonse timene tinamera chaka chimenecho.

Kutsika nkofulumira kuposa kukwera, koma ndi pamene ambiri amaterereka, pakuti timiyala timagubuduzika pansi pa phazi. Otsika atalikirane pang'ono kuti mwala wogumuka usagwere mnzao wa kutsogolo. Ayambenso kutsika dzuŵa likangopendeka, chifukwa kukada basi zobwerera ku Lilongwe zimasoŵa.

Mafunso

1. Kodi basi yopita ku Nkhoma imapatuka pati kuchoka mumseu waukulu?
2. Nchifukwa chiyani madimba amakhala obiriŵira m'chilimwe?
3. Fotokozani chifukwa chake mitengo yachilengedwe idakalipo kumanda.
4. Nchiyani chinachititsa anthu a Mfumu Mazengera kukakhala kuphiri?
5. Kodi zigwembe zimayamba bwanji?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo pogwiritsa ntchito mau aŵa: kamba, kunjuta, chikweza, kudekha, kulaŵira.
(b) Funsani agogo kapena anyakwaŵa a m'mudzi mwanu maina a mitengo isanu imene inali yambiri kale koma tsopano ikusoŵa. Lembani mainawo m'makope mwanu.