Azakhali: Lamba Wakuda ndi Mutu wa Mwana wa Eni

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimapalasa kabaza pa Balaka. Madzulo ndimaphunzitsa ana karate m'holo ina, ndipo amalipira kangachepe pamwezi. Sabata yatha wina anamenyetsa mutu pasimenti, koma anadzuka n'kupitiriza. Usiku akuti anasanza. Pano mayi ake akundilalatira kuti ndibweze ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala. Ndalakwanji? Masewera alionse munthu amavulala.

Sensei wodandaula, Balaka

Sensei wanga,

Ndayamba ndagwada kaye, kuopa theche.

Lamba wakudayo anakumanga ndani, mwanangu? Ndafunsa chifukwa ku Liwonde ndi ku Ntaja ndawaona anzako otuluka m'vidiyo ataonera Jet Li, n'kukathyola nthochi za agogo awo ndi miyendo, kutacha ati ndi amasta. Pajatu malamba amapezekanso pa kaunjika. Ngati wakowo ndi wa thukuta, kalembetse kalabu ku bungwe la masewerawo. Ukafunsa ku Malawi National Council of Sports akulozera khomo.

Tsono za mwanayu. Walira mvula walira matope. Tsiku limene unalandira ndalama ya mayi ake, unalandiranso mutu wa mwanayo, ndipo akakhala m'holomo kholo lake ndiwe. Kuvulala kulipo, eya, koma amene anati "dzuka, mwamuna salira" ndani? Usakane, ndikukudziwani.

Iwe wa kabaza unanyamulapo mazira. Ukagwera m'dzenje, thireyi imaoneka yabwinobwino, m'katimo mazira atasweka. Ubongo nawo umagwedezeka m'chigaza popanda bala kapena dontho la magazi, ndipo sikuti mpaka munthu akomoke. Mwana akagunditsa mutu, masewera athera pomwepo tsiku limenelo, olo alumbire kuti ali bwino. Ukamperekeze wekha kwawo, ukawauze makolo zimene zachitika. Akayamba kusanza, kudandaula mutu wosaleka, chizungulire, kuiwalaiwala kapena tulo tovuta kumudzutsa, thamangirani kuchipatala usiku womwewo, osadikira kuche. Chipatala cha boma chili pomwepo pa Balaka, a ku Machinga chawo chili pa Liwonde. Asabwererenso m'holo adokotala asanavomere, chifukwa kugundanso kachiwiri koyambako kusanapole kumatha kutenga moyo.

Nanga simentiyo? Ku judo, masewera amene anayambitsa Jigoro Kano ku Japan mu 1882, amenenso anafikitsa Harriet Bonface wathu ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, wophunzira amayamba ndi kagwedwe: chibwano pachifuwa, dzanja limenye pansi, mutu usakhudze. Iwe ukuyambitsa ana theche louluka asanadziwe potera! Ngati ndalama ya mamati ulibe, sonkhanitsa matiresi akale, kapena thira mankhusu a mpunga m'matumba uyale lona pamwamba. Pamwambapo uzipukuta ndi sopo, apo ayi kalabu yonse ituluka ndi chipere m'malo mwa malamba.

Kutentha kwa Balaka mu Okutobala ukukudziwa, holo yamalata imasanduka uvuni wa masikono. Dikira dzuwa lipendeke, ndipo aliyense azibwera ndi botolo lake la madzi. Kapu imodzi ana onse ayi. Waiwala kuti kolera ya 2022 inayambira kwa aneba ku Machinga?

Gula kope. Ulembemo nambala za makolo, ndi amene ali ndi mphumu kapena khunyu, chifukwa zimenezi sufuna kuzitulukira mwana ali gone pansi. Bandeji ndi magolovesi zikhale pafupi, ndipo a Red Cross amaphunzitsa chithandizo choyamba, sadzakuluma. Kamwana ka Sitandade 4 usakaphatikize ndi chimnyamata cha ndevu ati kalimbe mtima.

Pali atsikana m'kalabumo? Chitseko chizikhala chotsegula, mayi mmodzi azikhala pabenchi kuonerera, ndipo zoti "utsale ndikuphunzitse kata yapadera" ndisamve. Ana a masiku ano amadziwa kuimba 116, nambala yothandiza ana ozunzidwa.

Ndalama ya galimotoyo bweza, ndi maulendo angati a kabaza amenewo? Mawa ugule Sobo, ukamuone mwanayo, ukhale pamkeka upepese bwinobwino. Lambayo ukamusiye kunyumba, mayi akewo sachita naye mantha.

Ndine Azakhali ako