Phunziro 14: Kusintha oyilo wa injini ya boti

Boti la injini ndi chuma cha kooperativa yonse. Limatifikitsa pomwe pali usipa ndi utaka. Limanyamula chimanga, limanyamulanso odwala kupita nawo ku Metangula. Injini ikazima pakati pa nyanja ya Niassa mwera ukuomba, anthu amakhala pangozi. Choncho tiyeni tiphunzire kuisamala.

Oyilo amagwira ntchito yanji?

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimakhudzana pothamanga. Oyilo amazitereretsa kuti zisadyane. Amachepetsa kutentha ndipo amatola litsiro. Akakhalitsa amada, amatha mphamvu. Zikatero zitsulo zimaperepeseka, injini n'kufa.

Yambani mwadziwa injini yanu

Injini za boti zilipo za mitundu iwiri. Ina timathira oyilo m'petulo momwemo. Zambiri zotere zimafuna theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo. Imeneyi ilibe oyilo wokhetsa. Ina ili ndi malo akeake a oyilo, ndi kachitsulo koyezera. Phunziro lino likunena za yachiwiriyi.

Tisinthe liti?

Injini yatsopano timaisintha oyilo ikagwira ntchito maola 20. Bwanji msanga chotero? Chifukwa zitsulo zatsopano zimataya timitumbu tachitsulo pamene zikuzolowerana. Timitumbuti tiyenera kutuluka. Pambuyo pake timasintha pa maola 100 aliwonse. Ngakhale boti lisayende kwambiri, chaka chisathe osasintha.

Tikonzeretu izi: oyilo wa 10W-30 kapena 10W-40 monga lanenera buku la injini, sipanala yokwana bwino, washala watsopano, fanelo, chitini chachikulu ndi nsanza zoyera.

Kachitidwe kake

1. Lizani injini mphindi 5 ili m'madzi. Oyilo wofunda amatuluka msanga pamodzi ndi litsiro lake. Musailize pamtunda popanda madzi ayi, ingapse.

2. Zimitsani injini ndipo chotsani kachingwe kozimitsira, kuti wina asailize mwangozi.

3. Kokerani boti kumtunda. Injini iime chilili, isapendekeke.

4. Chotsani chivundikiro cha injini. Tsegulani pothirira oyilo.

5. Tcherani chitini. Masulani bawuti yokhetsera. Dikirani mpaka oyilo asiye kudontha. Samalani manja, ndi wotentha.

6. Muyang'aneni oyiloyo. Ngati ndi wakuda, palibe chodabwitsa. Ngati wayera ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa m'injini. Pamenepo itanani makaniko, boti lisapite panyanja.

7. Bwezerani bawuti ndi washala watsopano. Mangani bwino koma osati ndi mphamvu zonse. Mukapyoletsa, mazinga amadyeka.

8. Thirani oyilo watsopano pang'onopang'ono. Muyeso wake uli m'buku la injini.

9. Dikirani pang'ono. Pukutani kachitsulo koyezera, kalowetseni, katulutseninso. Oyilo afike pakati pa zizindikiro ziwiri. Wochepa amapha injini. Wochuluka nayenso amaononga, ndipo injini imafuka utsi.

10. Bwezerani boti m'madzi ndi kuliza injini. Onani ngati pabawuti pakudontha. Onaninso ngati kamtsinje ka madzi kakutuluka kumbuyo. Zimitsani, dikirani, yezaninso.

Nanga oyilo wakale?

Ena amati, "Nyanja ndi yaikulu, kachitini kamodzi kangatani?" Iyayi anzathu. Oyilo sasungunuka m'madzi. Amayandama pamwamba, n'kufalikira kutali. Amapha tiana ta nsomba m'mabango. Madzi omwewo ndiwo timamwa, ndiwo amasamba ana athu. Musamuthirenso m'munda, kapena kupaka pabala la munthu kapena la ng'ombe. Muikeni m'chigubu chotseka, ndipo mukapita kutauni mukamusiye kugalaja.

Tilembe m'kaundula

Apa ndiye pali ntchito ya ife amene taphunzira kulemba. Woyendetsa boti azilemba maola tsiku ndi tsiku. Mlembi alembe tsiku losintha oyilo, mtundu wa oyilo ndi dzina la amene wasintha. Tikadalira mutu tidzaiwala, ndipo wina adzati mnzanga anasintha kale. Msungichuma azipatula ndalama ya oyilo nsomba zikagulitsidwa. Oyilo timagula ndi ndalama zochepa, koma injini ina ingatidyere phindu la zaka.

Tiwerenge ndi kulemba: injini, oyilo, bawuti, sipanala, kaundula.

Tiyankhe mafunso

1. Kodi oyilo amagwira ntchito zitatu ziti?
2. Chifukwa chiyani timayamba taliza injini?
3. Oyilo woyera ngati tiyi wamkaka amatiuza chiyani?
4. Boti limayenda maola 5 pa tsiku. Papita masiku angati kuti likwanitse maola 20? Nanga maola 100?
5. Kambiranani: ndani m'kooperativa yanu azisunga kaundula wa injini?