Khadi la Ngongole ndi Malikisi Anu ku Banki

Ambiri a ife tili ndi abale amene akugwira ntchito ku Joni. Mwina inu nomwe mudagwirako ntchito kumeneko. Ku South Africa munthu wolandira malipiro pamwezi amatha kupatsidwa khadi la ngongole ndi banki kapena sitolo. Ndi khadi limeneli amagula katundu lero, ndalama n'kudzalipira pambuyo. Koma ndalama za pa khadi si zake. Ndi ngongole, ndipo imabala chiwongoladzanja mwezi uliwonse.

Kodi mukudziwa kuti pali maofesi amene amalemba mbiri ya munthu aliyense wokongola? Maofesi amenewa amatchedwa credit bureau. Ena mwa iwo ndi TransUnion ndi Experian. Iwowa amapatsa munthu malikisi, monga amachitira aphunzitsi pa mayeso. Mukapita kukapempha ngongole ya nyumba kapena ya galimoto, a banki amayamba aona malikisi anu. Akakhala otsika, amakukanizani, kapena amakupatsani ngongole ya chiwongoladzanja chokwera. Kuno ku Malawi nakonso lamulo lokhazikitsa maofesi otere lidapangidwa mu 2010.

Chinthu choyamba chimene amaona ndi chakuti, kodi mumalipira pa tsiku lake? Ichi anthu ambiri amachidziwa. Chachiwiri ndiye chimene ambiri sachidziwa. Amaonanso kuti khadi lanu ladzaza motani.

Khadi lililonse lili ndi malire. Tiyerekeze kuti malire anu ndi R10,000 ndipo mwakongola kale R9,000. Ngakhale simudaphonyepo mwezi, khadi lotere limaonetsa kuti muli pa mavuto a ndalama, ndipo malikisi amatsika. Alangizi a za ndalama amati ngongole isamapitirire R30 pa R100 iliyonse ya malire. Pa khadi lanuli ndiye kuti R3,000.

Tsopano tengani pensulo tiwerengere limodzi. Tinene kuti chiwongoladzanja ndi R2 pa R100 iliyonse pamwezi. Pa R9,000 ndiye kuti R180. Banki yalemba pa kalata yake kuti mutha kungolipira R300. Mukalipira R300, R180 yapita ku chiwongoladzanja. Ngongole yeniyeni yatsika ndi R120 yokha! Mukamalipira R300 mwezi ndi mwezi, osagulanso kanthu, mudzamaliza patapita pafupifupi zaka 4, ndipo chiwongoladzanja chokha chidzakwana pafupifupi R4,900.

Nanga mukamalipira R800? Mwezi woyamba ngongole itsika ndi R620. Mudzamaliza m'miyezi 13, ndipo chiwongoladzanja chidzakhala pafupifupi R1,300. Mwaona kusiyana kwake? Kandalama kochepa kamene banki imalemba kaja kamaoneka ngati chifundo, koma wopindula nako ndi banki.

Ngati muli ndi makhadi awiri kapena atatu, lipirani onse ndalama yolembedwayo kuti pasakhale lina lophonyedwa. Yotsala yonse ikani pa khadi limene chiwongoladzanja chake n'chokwera kuposa enawo. Likatha limenelo, pitani pa linzake. Pa nthawi imeneyi khadi lizikhala kunyumba, chifukwa simungakape madzi m'bwato pamene ena akulowa. Ndipo musapite kwa a katapila kuti mubwezere khadi. Kumeneko chiwongoladzanja n'choopsa kuposa cha banki.

Mawu amodzi kwa ife otsala kumudzi. Tikamva kuti mwana ali ndi khadi, tisaganize kuti walemera. Ndalama ya feteleza imene tam'kakamiza kutumiza mwina waitenga pa khadi lomwelo.

Malikisi sakwera tsiku limodzi. Banki imatumiza mbiri yanu ku maofesi aja mwezi ndi mwezi, choncho dikirani miyezi ingapo. Lamulo la ku South Africa la 2005, lotchedwa National Credit Act, limalola munthu kuona mbiri yake kwaulere kamodzi pachaka. Iwerengeni bwino. Mukapeza ngongole imene si yanu, kapena imene mudabweza kale, dandaulani kuti akonze.

Yesani samu iyi m'kope lanu: khadi lili ndi malire a R5,000 ndipo mwini wake wakongola R4,000. Kodi abweze zingati kuti ngongole ifike pa R30 pa R100 iliyonse?