Phunziro: Nkhalango Yophunziriramo Pakati pa Mzinda wa Lilongwe

Tiyambe ndi matanthauzo a mawu awiri. Chilengedwe ndi zonse zimene munthu sanapange: mitengo, nyama, mbalame, madzi ndi nthaka. Malo otetezedwa ndi dera limene lamulo limaletsa kudulamo mitengo, kusakamo nyama ndi kutenthamo tchire.

1. Kumene nkhalangoyi ili. Mzinda wa Lilongwe unakhala likulu la Malawi mu 1975. Pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, panasiyidwa nkhalango yotetezedwa yotchedwa Lilongwe Nature Sanctuary. M'menemo muli Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozembetsa, monga apusi, anyani ndi ngaka. Zimene zachira ndipo zingathe kudzidalira amazibwezera kutchire.

2. Chimene muyenera kuona poyamba mukafika kumeneko ndi mitengo. Mitengo yachilengedwe ndi imene inamera yokha m'dziko muno kuyambira kale, monga mkuyu ndi mthethe. Mitengo yobwera ndi imene anthu anaitenga kunja, monga bulugamu ndi malaina. Mwana wokulira m'tauni kawirikawiri amadziwa mtengo utasanduka kale makala m'thumba, ndipo ine ndimaona kuti umenewu ndi umphawi waukulu.

3. Mmene zamoyo zimadalirana. Kudalirana ndi pamene chamoyo china chimapeza moyo kudzera mwa chinzake. Mukapeza mkuyu, imani pansi pake nkhuyu zikapsa. Mudzaona nkhuyu zolumidwa theka zili mbwee pansi, nyerere zitaziunjirira. M'mwamba apusi ndi mbalame zikudya, ndipo usiku mileme imabwera kudzadya nawo. Njere za nkhuyu, zazing'ono ngati mawere, zimatuluka m'ndowe za nyamazi kutali ndi mtengowo, ndipo zina zimamera kumeneko. Mkuyu wadyetsa nyama, nyamazo zaubzalira ana. Pansi napo mizu yake yagwira nthaka ya m'gombe kuti madzi a dzinja asaikokolole. Chonde musafulumire pamenepa, pakuti phunziro lonse lagona pa mtengo umodziwu.

4. Kayendedwe koyenera. Yendani m'tinjira tolambulidwa, mukulankhula motsitsa mawu, chifukwa gwape akangomva phokoso amathawa. Musapatse apusi chakudya: akazolowera amayamba kutsomphola za m'manja mwa anthu, mwinanso kuluma. Mapepala apulasitiki ndi mabotolo mubwerere nawo. Banja lobwera kudzapuma pamthunzi Loweruka litsatenso malamulo omwewa.

5. Mukabwerera kusukulu. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, limathandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Funsani aphunzitsi anu za kalabu yotere. Kenaka pemphani kachigawo ka bwalo la sukulu, mubzalepo mitengo yachilengedwe mvula ikakhazikika, muikepo phale la madzi akumwa mbalame, ndipo muzilemba m'kope dzina la chamoyo chilichonse chobwera pamalopo ndi tsiku limene mwachiona.